Kadzidzi wa ku Athens alibe chaka, nanga msinkhu wake timaudziwa bwanji?

Funso: Ndine Mmalawi wokhala ku Manchester. Mwezi watha ndinapita kuchionetsero cha ogulitsa ndalama zakale, ndipo ndinagula ndalama yasiliva ya ku Greece. Mbali imodzi kuli mutu wa mzimayi wovala chisoti cha nkhondo, mbali inayo kuli kadzidzi ndi zilembo zitatu. Ndi yaing'ono koma yonenepa, ikulemera magalamu 17.1, ndipo pamutu pa kadzidziyo pali bala ngati munthu adatemapo ndi tchizulo. Pakapepala kamene anandipatsa alembapo kuti Athens, 454–404 BC. Ndaitembenuza kambirimbiri koma chaka sindikuchiona paliponse. Nanga ogulitsawa zakazo azitenga kuti? Ndipo balalo silikusonyeza kuti anandigulitsa chowonongeka? Ndikufuna ndiyambe kusonkhanitsa ndalama zoterezi, ngakhale mayi akunyumba kuno akuti kadzidzi asagone m'nyumba mwawo.

Yankho: Zikomo bambo. Lekani kuitembenuza, chakacho palibe, ndipo sichikadakhalapo. Mmisiri amene adamenya ndalama yanuyo sankadziwa kuti akukhala Yesu asanabadwe, pakuti kawerengedwe ka zaka kochokera pa kubadwa kwa Yesu kadayambitsidwa ndi mmonke wina, Dionysius Exiguus, mu 525 AD. Anthu a ku Athens chaka ankachitchula ndi dzina la mkulu amene ankatsogolera mzinda chaka chimenecho, monga agogo athu ankanenera kuti uje adabadwa chaka cha dzombe, uje chaka cha njala. Ndipo pa ndalama za nthawi imeneyo ngakhale dzina la mkuluyo sankalilemba. Ife tidazolowera kwacha ndi tambala zobwera ndi chaka chake, n'chifukwa chake maso amathamangira kufunafuna manambala.

Mayi akunyumba muwakhazike mtima pansi. Kwathu kadzidzi akalira padenga anthu sagona tulo, koma ku Athens inali mbalame ya Athena, mulungu wamkazi wa nzeru ndi woteteza mzindawo, ndipo mutu wovala chisotiwo ndi wake. Zilembo zitatuzo, ΑΘΕ, ndi chiyambi cha mawu otanthauza kuti ndalamayi ndi ya anthu a ku Athens. Mpaka lero dziko la Greece lili ndi chithunzi cha ndalama yomweyi pa khobidi lake la 1 euro, kuyambira 2002. Dzina lake ndi tetradrachm, kutanthauza ma drachma anayi, ndipo imayenera kulemera pafupifupi magalamu 17.2, choncho yanuyo ili pamalo pake. Zolemba za pamwala za ntchito yomanga kachisi wa Erechtheion, cha m'ma 409 mpaka 407 BC, zimasonyeza kuti mmisiri ankalandira drachma imodzi patsiku. Muli ndi thukuta la masiku anayi la munthu wosema miyala m'dzanja lanu. Siliva wake ankamukumba akapolo m'migodi ya Laurion, kumwera chakum'mawa kwa mzindawo.

Tsono tengani ndalamayo, mukhale pafupi ndi nyale, kuwala kubwere cham'mbali osati pamwamba, ndipo muyambe ndi diso la Athena. Nkhope yayang'ana kumbali, koma disolo laumbidwa lathunthu ngati njere ya dzungu, ngati la munthu amene akukuyang'anani maso ndi maso. Umo ndi mmene Agiriki ankajambulira kale. Kuyambira cha m'ma 393 BC diso lidasintha, likuoneka cham'mbali monga diso la munthu limaonekera ndithu. Kenako yang'anani pachisoti, pamwamba pa mphumi. Ngati pali masamba atatu a mtengo wa azitona, ndiponso kamwezi kakang'ono kuseri kwa kadzidzi, ndiye kuti ndalamayo idamenyedwa nkhondo ya Aperisi ya 480 ndi 479 BC itapita. Akadzidzi oyambirira, amene adayamba cha m'ma 510 BC, alibe masamba amenewo ndipo alibe mwezi. Chotsiriza ndi mchira. Ambiri sauyang'ana n'komwe, koma pofuna zaka ine ndimayambira pamenepo. Pa ndalama za zaka zoyamba masamba atangobwera, mchira wa kadzidzi uli ndi nthenga zitatu zosiyana bwinobwino, ndipo kadzidziyo amaoneka wamoyo, wopendeketsa mutu. Pambuyo pake, atayamba kumenya ndalama zochuluka zedi, mchira udangosanduka kachitsa kamodzi. Diso la njere ya dzungu, masamba atatu, mchira wa kachitsa kamodzi: zitatuzi zikakumana, wogulitsa aliyense amalemba zaka zimene zili pakapepala kanuko.

Koma apa pali poti timvetsetsane. Maonekedwe amangotiuza kuti iyi ndi yaikulu kwa iyo, ngati kundandalika ana a m'nyumba imodzi potengera msinkhu. Satiuza chaka chobadwa. Ndipo ngakhale kundandalikako, maso okha amanama, chifukwa mmisiri wokalamba ankatha kumajambulabe mwachikale mnzake wachinyamata atasintha kale.

Chimene chimakhazikitsa ndondomeko ndi zidindo. Ndalama zimenezi sankaziumba mothira m'chikombole ayi. Ankatenga kambulu ka siliva koyezedwa kulemera, n'kukaika pa chidindo cha mutu wa Athena chimene chidakhomedwa m'chitsulo chosulirapo, pamwamba n'kuikapo chidindo cha kadzidzi, kenako nyundo. Chidindo chilichonse chinkasemedwa pamanja, choncho panalibe ziwiri zofanana ndendende. Chapamwambacho, poti ndicho chinkalandira nyundo, chinkasweka msanga, ndipo ankabweretsa china pamene chapansi chikadagwirabe ntchito. Chapansi chikatha, chatsopano chinkayamba ndi chapamwamba chimene chilipo. Mukaona bwino, uwu ndi unyolo. Ndidakhalapo masana athunthu ndi zithunzi za ndalama ziwiri zomenyedwa ndi chidindo chimodzi cha mutu. Pa yoyamba panali kamzera kowonda ngati tsitsi, kochoka pamphuno kupita m'mphepete. Pa yachiwiri kamzera komweko kanali katakula, katatupa ngati mtsempha. Umenewo unali mng'alu wa chidindo umene unkakulirakulira ndi nyundo iliyonse, ndipo palibe angatsutse kuti yachiwiriyo ndiyo idamenyedwa pambuyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito imeneyi ndi yotero. Akatswiri amasonkhanitsa zithunzi mazanamazana n'kumalumikiza zidindo chimodzichimodzi. Umo ndi mmene Chester Starr mu 1970 adagawira akadzidzi a zaka za pakati pa 480 ndi 449 BC m'magulu asanu, amene ogulitsa amawatchulabe mpaka pano.

Unyolowo umafunika msomali wouzika pa chaka chenicheni, ndipo msomaliwo umachokera pansi pa nthaka. Kale anthu wamba ambiri sankasunga ndalama kubanki. Nkhondo ikamveka, munthu ankathira ndalama zake mumphika n'kukwirira, ndipo ena sadabwerenso kudzafukula. Mphika wotere ukapezeka uli wathunthu, umalankhula zambiri kuposa ndalama chikwi zobalalika. Akuluakulu adati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu, ndipo sindidziwa mawu ena ofotokoza bwino nkhaniyi kuposa amenewa. Ndalama ili yokha siidziwa chaka chake, koma ikakhala ndi anzake amene adakwiriridwa nawo tsiku limodzi, imodzi mwa izo imaulula. Yofufutika kwambiri ndiyo idayenda m'manja nthawi yaitali. Yakuthwa bwino ndiyo yatsopano. Ndipo mphikawo sungakhale wakale kuposa ndalama yatsopano kwambiri imene ili m'menemo.

Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha ku Asyut, m'mbali mwa Nile ku Egypt. Mu 1969 kudapezeka ndalama zasiliva pafupifupi 900 zochokera m'mizinda yambiri ya Agiriki. Mwa izo munali za anthu a ku Samos amene adathawira ku Zancle, pachilumba cha Sicily, nkhondo ya 494 BC itawabalalitsa, ndipo adangolamulira kumeneko zaka zochepa. Ndiye mphikawo sudakwiriridwe chakacho chisanafike. Munalinso akadzidzi ambiri, onse opanda masamba pachisoti. Martin Price ndi Nancy Waggoner, amene adaulongosola mu 1975, adati udakwiriridwa cha m'ma 475 BC, ndipo zaka za ndalama za mizinda yambiri zidatsitsidwa chifukwa cha mphika umodzi umenewu. Misomali ina ndi nyumba ndi mizinda. Pansi pa maziko a nyumba yaikulu ya Darius, mfumu ya Aperisi, ku Persepolis, mu 1933, adapeza ndalama ya ku Aegina ndi ya ku Abdera, umboni woti mizinda imeneyo inali itayamba kale kumenya ndalama maziko asanaikidwe. Mzinda wa Sybaris udaphwanyidwa mu 510 BC, wa Olynthus mu 348 BC ndi Philip wa ku Macedonia. Ndalama zopezeka m'phulusa la tsikulo sizingakhale za pambuyo pake.

Nanga 454 ndi 404 zikuchokera kuti? Mu 454 BC thumba la chuma cha mgwirizano wa mizinda ya Agiriki lidasamutsidwa kuchoka pachilumba cha Delos kupita ku Athens, ndipo siliva wa msonkho adayamba kuthira mumzindawo chaka ndi chaka. Ndiyo nthawi imene adamanga Parthenon, kachisi wamkulu wa Athena, kuyambira 447 mpaka 432 BC, n'kumalipira opalasa zombo zankhondo zikwizikwi. Mu 404 BC Athens adagonja kwa Sparta. Zaka ziwirizi ndi mizati imene akatswiri adasankha m'mbiri kuti atchingire gulu la ndalama limene miphika imasonyeza kuti ndi la nthawi imeneyo. Palibe amene akunena kuti nyundo yoyamba idagwa mu 454 ndendende. Ine ndinganene kuti mwayi waukulu ndi woti yanuyo ndi ya 413 BC isanakwane, chifukwa chaka chimenecho Asparta adamanga linga ku Decelea, pafupi ndi Athens, akapolo oposa 20,000 adathawa malinga ndi wolemba mbiri Thucydides, ndipo migodi idafooka. Pofika 407 BC mzindawo unali ukusungunula mafano agolide a m'kachisi kuti upeze ndalama, ndipo chaka chotsatira udatulutsa zamkuwa zokutidwa ndi siliva.

Mwina mukufunsa kuti bwanji osachepetsa zaka makumi asanuzo kuti zikhale zisanu. Chovuta n'choti anthu a ku Athens adakana dala kusintha chithunzi. Amalonda a ku Egypt, ku Foinike mpaka ku Arabia ankakhulupirira kadzidzi monga mmene alili, ndipo kumusintha kukadakhala kuononga msika. N'chimodzimodzi ndi ndalama ya Maria Theresa ya ku Austria, imene idayenda kwambiri ku Ethiopia ndi ku Arabia: kwa zaka zoposa mazana awiri amaimenya ndi chaka chomwecho cha 1780. Kuwonjezera apo, zidindo za akadzidzi a nthawi yanuyi n'zochuluka kwambiri moti kuzilumikiza zonse ndi ntchito yoposa moyo wa munthu mmodzi. Wogulitsa amene angakulembereni kuti kadzidzi wamba ngati ameneyu ndi wa 438 BC, ameneyo ndiye mumukayikire.

Za bala lija, simunapusitsidwe. Adatemapo ndi tchizulo ndithu, koma zaka zoposa 2,000 zapitazo. Akuba a nthawi imeneyo ankakuta mkuwa ndi kachikopa ka siliva, ndiye wamalonda wochenjera ankatema kuti aone zam'kati. Mabala otere amapezeka kwambiri pa ndalama zofukulidwa ku Egypt ndi kumaiko a kum'mawa, kumene siliva ankamuyeza pasikelo osasamala chithunzi. Za ku Asyut zambiri n'zotemedwa. Ku Athens kwenikweni nkhaniyi idafika pokhala lamulo. Mwala umene udapezeka pamsika wakale wa mzindawo mu 1970 uli ndi lamulo la Nikophon la 375 BC, lonena kuti kapolo wa boma azikhala pakati pa matebulo a osintha ndalama n'kumayesa iliyonse imene wina akuikayikira. Yakunja yotengera chithunzi cha kadzidzi, ngati siliva wake ali wabwino, ankaibweza kwa mwini wake. Yamkuwa kapena yamtovu m'kati ankaidula n'kuipereka kukachisi. Woyesayo akajomba ankakwapulidwa zikoti 50. Pamsika wa lero bala limatsitsa mtengo. Kwa ine limakweza mtengo wa nkhani yake, chifukwa likuonetsa dzanja la munthu wina amene adaima pamsika n'kukayika monga mwakayikira inumu. Tengani galasi lokulitsa zinthu muyang'ane m'kati mwa balalo: muyenera kuona siliva mpaka pansi, wakuda mofanana ndi kunja. Mukaona kuwala kwatsopano, latemedwa posachedwa, pakuti opanga zabodza nawonso adaphunzira kutema.

Ngati mtima wanu ukufuna ndalama yokhala ndi chaka, zilipo, koma ndi za pambuyo. Mafumu a banja la Seleucus ku Syria ankawerenga zaka kuyambira 312 BC, ndipo ndalama zawo zina zili ndi chaka cholembedwa m'zilembo za Chigiriki. Chaka cha 150 chimagwa pa 163 kapena 162 BC. Mzinda wa Tyre udayamba kuwerenga zake mu 126 BC, ndipo masekeli ake, a mutu wa mulungu wawo Melqart ndi chiwombankhanga, ndi amene Ayuda ankalipirira msonkho wa kachisi ku Yerusalemu. Patapita zaka zambiri Athens nayenso adasintha kadzidzi wake: ndalama idakhala yotambasuka, kadzidzi ataima pa mtsuko, maina a akuluakulu a chakacho atalembedwa pambali, ndipo pamtsukopo pali chilembo chosonyeza mwezi. Taonani zodabwitsa, mwezi tikuudziwa koma chaka akatswiri adakangana. Margaret Thompson mu 1961 adati zidayamba mu 196 BC. David Lewis chaka chotsatira adati zitsitsidwe ndi zaka pafupifupi 30, ndipo umboni umodzi waukulu ndi ndalama yokhala ndi dzina la mfumu Mithradates ya ku Pontus ndi la Aristion, amene ankalamulira Athens mogwirizana nayo, imene ikugwirizana ndi nkhondo ya 87 ndi 86 BC. Lero ambiri amati zidayamba cha m'ma 164 BC.

Chenjerani ndi ndalama za Alexander, mfumu yotchuka ya ku Macedonia, chifukwa oyamba kumene ambiri amagwa pamenepa. Dzina lake likakhala pandalama sindiye kuti idamenyedwa iye ali moyo. Adamwalira ku Babylon mu 323 BC, koma mizinda idapitiriza kumenya ndalama za dzina lake kwa zaka zoposa 200. Yang'anani miyendo ya mulungu Zeus amene wakhala pampando kuseri kwa ndalamayo: ikakhala yogundizana, kawirikawiri ndi ya nthawi yake kapena pafupi, wina ukabwerera m'mbuyo mopingasa, kawirikawiri ndi ya pambuyo. Ndati kawirikawiri. Chotsimikiza ndi tizizindikiro ta pansi pa mpando ndi patsogolo pa mawondo, timene mungatiyerekeze kwaulere pa intaneti pa PELLA, nkhokwe ya American Numismatic Society.

Makina sangakuuzeni chaka. Njira yoyezera msinkhu wa mafupa ndi makala imagwira pa zinthu zimene zidali zamoyo, osati chitsulo. Chimene makina amatha ndi kuonetsa kuyera kwa siliva, ndiponso, poyeza kamtovu kotsalira m'kati, mgodi umene adachokera.

Zabodza n'zambiri, ndipo si za dzulo. Carl Wilhelm Becker wa ku Germany, amene adamwalira mu 1830, ankasema zidindo pamanja n'kumenya pa siliva weniweni, moti ntchito zake zidalowa m'nyumba zosungiramo zinthu zakale. Ine ndili wachinyamata ndidagula drachma kwa munthu wina pamsika wa zinthu zakale, ndi ndalama zimene ndidasunga miyezi itatu. Nditafika nayo kwa mkulu amene ankandiphunzitsa, sadayang'ane nkhope n'komwe. Adaiimika cham'mbali n'kundionetsa kamzera kozungulira m'mphepete monse, pamene zikombole ziwiri zidakumana, kenako timaenje tozungulira ta thovu patsaya. Zidandipweteka kwambiri, ndipo kuyambira tsikulo ndimayamba ndi m'mphepete. Ndalama yomenyedwa ndi nyundo imakhala ndi ming'alu yosongoka m'mbali ndi timizera tothamangira kunja, pamene yothira imaoneka yofewa ngati sopo wogwiritsidwa kale ntchito. Gulani sikelo yowerenga mpaka 0.01 ya galamu. Ndalamayo muiyeze pouma, kenako muike kapu ya madzi pasikelo n'kuibweza pa ziro, muiyezenso ndalamayo italendewera pa ulusi m'madzimo osagunda pansi, mugawe kulemera koyamba ndi kwachiwiriko: siliva amapereka pafupifupi 10.5, mkuwa 8.9. Musaigwetse patebulo kuti mumve kulira kwake. Siliva wakale amauma m'kati ndipo amatha kusweka ngati mbale. Ndipo muzigula kwa amene amalemba pa lisiti kuti ikadzapezeka yabodza, ngakhale patapita zaka, adzakubwezerani ndalama zanu.

Tsopano ndinene chimene chili pamtima panga, poti mukufuna kuyamba kusonkhanitsa. Zonse ndafotokozazi zikudalira miphika imene idalembedwa isanabalalike. Mphika ukafukulidwa usiku, ndalama zake n'kugulitsidwa imodziimodzi ku Munich, ku London ndi ku New York, umboniwo wafa, ndipo subwereranso. Wa ku Asyut womwewo udabalalika pamsika, moti akatswiri adachita kuulondola kwa ogulitsa, popanda woona pamene udagona. Mu 1984 pafupi ndi Elmalı ku Turkey anthu adafukula ndalama pafupifupi 1,900, mwa izo 14 zazikulu za ku Athens za ma drachma khumi, zosowa kwambiri. Zidazembetsedwa kunja, mlandu udakoka zaka ku America, ndipo zambiri zidabwezedwa mu 1999. Greece, Turkey, Egypt ndi Italy onse ali ndi malamulo oletsa kutulutsa zinthu zakale popanda chilolezo, ndipo pangano la UNESCO la 1970, loletsa kuzembetsa zinthu zakale, ndilo ambiri amayezerapo. Sindikuti musasonkhanitse. Osonkhanitsa osamala ndi amene adadzaza nyumba zosungiramo zinthu zakale monga British Museum, Ashmolean ku Oxford ndi Fitzwilliam ku Cambridge. Koma funso lanu loyamba kwa wogulitsa lisakhale la mtengo. Mufunseni kuti ndalamayi inali kwa yani kale, idagulitsidwapo pa okushoni iti, chaka chiti. Ndalama yofufutika pang'ono yokhala ndi kapepala kakale ka inki yofiirira ndimaisankha kuposa yonyezimira yopanda kwawo, ngakhale zitafanana mtengo.

Musaitsuke, chonde. Mankhwala opukutira siliva, mandimu, phulusa, soda, zonsezi zimachotsa khungu lotuwa limene latenga zaka kuti likhalepo, ndipo mtengo umagwa nthawi yomweyo. Muziigwira m'mphepete ndi manja ouma. Musaisunge m'timatumba ta pulasitiki yofewa, timatulutsa mafuta obiriwira pakapita nthawi. Kaenivelopu ka pepala lopanda asidi kapena thireyi ya nsalu n'zokwanira. Kapepala ka wogulitsa, lisiti ndi chithunzi cha mbali zonse ziwiri zikhale pamodzi.

Pa ndalama yachiwiri, ndikadakhala inu sindikadathamangira mzinda wina. Ndikadafuna kadzidzi wa diso la cham'mbali wa pambuyo pa 393 BC, amene mtengo wake umakhala wotsikirapo, n'kumuika pambali pa wanuyo pansi pa nyale imodzi, kuti kusiyana kwa maso awiriwo mukuone nokha. Pambuyo pake mungafune ndalama za ku Aegina zokhala ndi kamba, wa m'nyanja ndi wa pamtunda, amene adasinthana cha m'ma 450 BC chilumbacho chitagonjetsedwa ndi Athens. Koma musanagule china chilichonse, lemberani amene adakugulitsani kadzidziyu akuuzeni kumene adamutenga, ndipo mundilemberenso mundiuze kuti mchirawo mwaupeza ndi nthenga zingati.